Madzi a pampopi: tiwakhulupirire pa umboni wanji?

Aliyense amene adakhalapo m'tauni yaing'ono amadziwa phokoso limene mpopi umachita ukatha masiku atatu uli gwa. Umayamba ndi kutsokomola, kenako umalavula mphepo, kenako timadzi tofiira ngati tiyi wochepa mkaka. Mwana mmodzi akangofuula kuti "Abwera!", nyumba zonse zimadzuka. Ndowa, mabigiri, zigubu ndi mapoto zimafola kuyambira pampopi mpaka kumpanda. Zikachitika Lachisanu, mtima wa amayi umakhala m'malo: zovala zichapidwa, ana asamba, ndipo madzi a Sabata apezeka dzuwa lisanalowe.

Pa tchuthi chapitachi tidaziona zimenezi kangapo kwathu. Ndowa yoyamba, yofiira ija, aliyense amadziwa kuti njosamwa, ndipo imapita kokolopera. Yachiwiri, yotuwirako, imapita kochapira. Yachitatu ikayera mbee timati awa ndiye akumwa, n'kuthira mumtsuko. Palibe wowiritsa, palibe wothira klorini. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Awa ndi a pampopi, adathira kale mankhwala." Mlungu womwewo ana awiri a nyumba yoyandikana nafe adatsegula m'mimba, ndipo wamng'onoyo adagonekedwa m'chipatala pa diripi. Kodi adawadwalitsa ndi madzi aja? Palibe angalumbire, chifukwa palibe adawayeza. Apa ndiye pagona nkhani yathu.

Maganizo athu ndi akuti madzi sakhala abwino chifukwa chongotuluka pampopi. Amakhala abwino ngati wina wawayeza n'kuwapeza abwino, ndipo ife omwa, amene timalipira bili mwezi ndi mwezi, tiyenera kuona zotsatira za kuyezako. Kufikira zimenezi zitayamba kuchitika m'matauni athu aang'ono, tiyenera kuusamala mpopi ngati mnzathu wodalirika amene nthawi zina amadwala.

Ambiri a ife tidadutsa m'masukulu a mpingo, kumene tidaphunzira kuyambira Folomu 1 kuti madzi ndi mankhwala amene Mlengi adatipatsa. Tidaloweza kuti tizimwa matambula okwanira patsiku ndi kusiya zakumwa za shuga. Ndi phunziro labwino ndithu. Koma tidaphunzitsidwa kuchuluka kwa madzi oti timwe, osaphunzitsidwa kufunsa kuti madziwo ngotani. Munthu akhoza kukhala wosamwa mowa, wosasuta, wosadya nyama, koma n'kugwetsedwa ndi kapu imodzi ya madzi ooneka oyera.

Tiyeni titsate ulendo wa madziwa. Asanafike kwa ife amatengedwa mumtsinje, m'damu kapena m'mijigo yakuya. A mumtsinje ndi m'damu amathiridwa mankhwala oti matope agwirane n'kukhala pansi, amasefedwa pamchenga, kenako amathiridwa klorini wopha tizilombo. Ntchito ya klorini siithera pomwepo ayi. Pamayenera kutsala wina pang'ono woyenda ndi madzi m'paipi, ngati mlonda woperekeza katundu mpaka pakhomo la mwini wake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti pofika pampopi madzi akhale adakali ndi klorini wosachepera mamiligalamu 0.2 pa lita imodzi. Limanenanso kuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kachilombo kamodzi ka E. coli, chifukwa kakapezeka ndiye kuti chimbudzi cha munthu kapena ndowe za ziweto zalowamo. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards nalo lili ndi muyezo wa madzi akumwa, wotchedwa MS 214. Choncho miyezo ilipo. Chimene ife pampopi sitiona ndi umboni woti madzi a lero aikwaniritsa.

Mlonda uja amatopa panjira. Klorini amachepa madzi akayenda mtunda wautali, akakhalitsa m'thanki yotentha ndi dzuwa, komanso akakumana ndi matope. N'chifukwa chake madzi akhoza kuchoka kumalo osefera ali bwinobwino, koma n'kufika kwa okhala kumapeto kwa paipi mlonda atatha kale. M'nyengo ya mvula, mitsinje ikafiira ndi dothi la m'minda, vutoli limakula, pakuti matope amamaliza klorini msanga ndiponso amabisa tizilombo kuti mankhwalawo asatifikire.

Choopsa kwambiri n'chimene timachiona ngati chosautsa chabe: kuuma kwa mipopi. Paipi yodzadza imadziteteza yokha. Ikabooka, madzi amatuluka mwamphamvu ndipo za kunja sizingalowe. Ikauma zinthu zimatembenuka, pobooka paja pamasanduka khomo. Madzi a m'ngalande, a kubafa, ngakhale osefukira m'zimbudzi zokumba amalowa, nthawi zina mochita kukokedwa monga momwe jekeseni amakokera mankhwala m'botolo. Tayendani m'tauni yaing'ono iliyonse muone: mapaipi a pulasitiki ali pamtunda, ena akudutsa m'ngalande momwe, ena adamangidwa ndi legeni pamene padabooka. Madzi akabweranso, zonse zimene zidalowa zija zimakankhidwira kumipopi yathu. Matope amatha msanga, maso n'kukhutira, koma tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kamwazi tilibe mtundu, fungo kapena kukoma. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo mipopi yathu imauma pa zifukwa zimene tonse timazidziwa. Madzi ambiri a m'matauni amapopedwa ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi akathima mapampu nawo amaima. Kwina vuto ndi gwero lenileni. Mu 2018 damu la Mpira ku Ntcheu lidaphwa, ndipo anthu a ku Balaka ndi madera ena odalira damulo adaona mipopi yawo itauma. Mitengo ya m'mapiri ikatha, dothi limatsikira m'damu, madzi amachepa ndipo otsalawo amakhala amatope. Thumba la makala limene timagula pamsewu ndi mpopi wouma wa pakhomo pathu ndi pachibale.

Wina anganene kuti awa ndi mavuto a umphawi, ndipo adzatha dziko likadzalemera. Nkhani ya tauni ya Walkerton, m'chigawo cha Ontario ku Canada, ikutsutsa zimenezi. Inali tauni ya anthu pafupifupi 5,000 m'dziko lolemera, mipopi yake yosauma. Mu Meyi 2000 kudagwa mvula yamphamvu imene idakokolola ndowe za ng'ombe za pafamu ina n'kuzilowetsa m'chitsime chimodzi mwa zitsime zimene tauniyo inkapopamo madzi. Anthu pafupifupi 2,300 adadwala ndipo asanu ndi awiri adamwalira. Kafukufuku amene adatsogolera woweruza Dennis O'Connor adapeza kuti oyang'anira madzi sankathira klorini wokwanira, sankayeza tsiku ndi tsiku monga ankayenera, ndipo ankalemba m'buku manambala opeka. Zotsatira za kulabu zitaonetsa kuti madzi aipa, sadauze a zaumoyo msanga, anthu n'kumapitiriza kumwa.  Kudasowa munthu woyeza moona mtima, komanso wina wa kunja woona zimene woyezayo walemba. Pambuyo pake, mu 2002, boma la Ontario lidakhazikitsa lamulo latsopano lokhwimitsa kayezedwe ka madzi akumwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tauni yaing'ono ili ndi vuto lakelake. Mumzinda waukulu madzi akada, nkhani imafika pawailesi tsiku lomwelo. M'tauni yaing'ono ogwira ntchito ndi ochepa, labu ili kutali, ndipo woyang'anira madzi timapemphera naye limodzi kapena ndi malume a mnzathu. Timachita manyazi kufunsa, poopa kuoneka ngati tikumunenera zoipa. Koma kufunsa zotsatira za kuyeza si kunyoza munthu. Wogwira ntchito wokhulupirika zimamuthandiza, chifukwa klorini akatha m'sitolo kapena pampu ikaonongeka, mawu ake kwa mabwana amalemera pamene tauni yonse ikufunsa naye limodzi.

Tisamvane molakwika. Sitikunena kuti anthu asiye mpopi abwerere kudambo. Tonse tikukumbukira kolera amene adayamba ku Machinga mu Malichi 2022, n'kufalikira m'maboma onse. Adadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Boma lidalengeza mu Disembala 2022 kuti mliriwo wafika pa ngozi, ndipo mu Januwale 2023 masukulu a m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre adachedwa kutsegulidwa. Matendawa adakantha kwambiri kumene anthu amamwa madzi a m'mitsinje, m'nyanja ndi m'zitsime zosatetezedwa, ndi kumene zimbudzi n'zosakwanira. Madzi a pampopi othiridwa klorini ndi amodzi mwa zinthu zimene zapulumutsa miyoyo yambiri padziko lapansi. N'chifukwa chake tikuwaikira mtima chotere. Mpopi ukauma masiku atatu, mayi wa ana anayi sadikira, amapita kuchitsime cha m'dambo chimene chili pafupi ndi zimbudzi. Kuuma kwa mipopi kumavulaza kawiri: kumathamangitsira anthu kumadzi oipa, ndipo kumaipitsa paipi imene adzabwererako.

Tisaiwalenso mbali yathu, chifukwa si zonse zolakwa za a madzi. Madzi akhoza kutuluka pampopi ali bwino n'kuipira m'nyumba mwathu. Ndowa yomwe tidakolopera dzulo ndi yomwe tikutungira lero. Pousenza timagwira m'mphepete zala zili m'madzi. Kapu yotungira mumtsuko ndi yomwe mwana wamwera n'kuiika pansi. Ife osunga Sabata nkhaniyi ikutikhudza mwapadera, popeza timatunga ambiri Lachisanu oti atifikitse Lamlungu, ndipo klorini wochepa uja sakhalitsa mundowa yosavindikira. Nanga kumsonkhano wa misasa? Anthu mazanamazana amamwa madzi a m'migolo ingapo, chotungira chili chimodzi, zimbudzi zili zongokumba mwachangu. Timakhala ndi komiti ya nyimbo, ya malo ogona, ya zokuzira mawu. Ndi kangati pamene tidasankha munthu woti udindo wake ukhale kuthira klorini m'migolo ija?

Zoti tichite pakhomo si zovuta. Madzi akabwera pambuyo pa kuuma, tisiye oyambawo apite kokolopera ndi kuthirira maluwa, ndipo ngakhale ayere, akumwa a tsiku limenelo tiwatenge ngati a pachitsime. Tiwawiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena tithire WaterGuard kapena klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, motsata muyezo umene atiuza, n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Ngati ali amatope, tiyambe tawasiya adikhe, tisefe pansalu yoyera, kenako tithire mankhwala. Tisunge m'chigubu cha kukamwa kochepa kapena mundowa yovindikira yokhala ndi kampopi, kuti dzanja lisalowemo. Mwana akayamba kutsegula m'mimba, Thanzi ORS ayambe pomwepo uku tikuthamangira kuchipatala.

Koma tikaima pamenepa tikhala titasenzetsa katundu yense munthu wosauka. Banja limene lalipira kale madzi pakiyosiki kapena pamita likauzidwa kuti liziwiritsanso, ndiye kuti likulipira kawiri, kachiwiriko kwa wogulitsa makala, ndipo makalawo akuchokera kuphiri lomwe lija limene limasunga madzi a m'damu. Kuwiritsa ndi chithandizo cha pa ngozi, si njira yoyendetsera tauni. Komanso pali zina zimene moto sungachotse. M'madera ena, monga ku Nathenje, madzi a pansi panthaka ali ndi mchere wa fluoride wochuluka umene umadetsa mano a ana, ndipo kuwiritsa sikuuchotsa. Zotere amazidziwa ndi a labu okha. Choncho udindo waukulu ukhalebe kwa amene amagulitsa madziwo.

Dziko lino lili ndi mabungwe asanu ogulitsa madzi: la Lilongwe, la Blantyre, ndi atatu a zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera, amene amafika m'matauni aang'ono. M'malo ena madzi amayendetsedwa ndi makomiti a ogwiritsa ntchito madzi. Kwa onsewa tili ndi mapempho atatu. Loyamba, zotsatira za kuyeza madzi zizimatidwa mwezi uliwonse pakhomo la ofesi, pamakiyosiki ndi pachipatala, m'Chichewa chomveka: tidayeza pati, tsiku liti, klorini adalipo wochuluka bwanji, tizilombo tidapezeka kapena ayi. Ndipo kuyezako kuzichitika kumapeto kwa paipi, osati pafupi ndi thanki pokha. Lachiwiri, paipi yaikulu ikaphulika kapena madzi akasowa masiku angapo, anthu aziuzidwa poyera kuti awiritse kapena athire mankhwala kufikira atayezedwanso. Uthenga wa bili umatipeza pafoni mosavuta, ndiye wa moyo ungalephere bwanji? Lachitatu, munthu akanena za paipi yobooka, azipatsidwa tsiku limene idzakonzedwe.

Tikudziwa zimene angatiyankhe. Anganene kuti ndalama n'zochepa, ndipo n'zoona: mankhwala amagulidwa kunja, mapaipi ena amabedwa, anthu ena amalumikiza mwakuba, ndipo nyuzipepala zakhala zikulemba za ngongole zikuluzikulu za madzi zimene nthambi zina za boma zimachedwa kulipira. Izi nazo tizidzudzule, ndipo ife eni tizilipira mabili athu. Koma kumata pepala pakhoma sikufuna ndalama za kunja. Anganenenso kuti zotsatira zikaipa anthu adzachita mantha n'kuthawira kuzitsime. Ife tikuona mosiyana. Mantha amakula pamene anthu akungomva mphekesera. Bungwe limene limanena lokha kuti "mlungu uno wiritsani" ndi limene anthu adzalikhulupirire likadzati "tsopano imwani". Ndiponso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumabungwe a boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Sitikupempha chifundo, tikupempha chimene ndi chathu kale. Safunsa adadya phula.

Nanga ife ophunzira? Tiyambire pano pasukulu. Madzi amene timamwa kumahositelo ndi kukhitchini amachokera kuti? Matanki adatsukidwa liti? Ndani amayeza? Mafunsowa tikhoza kuwapereka mwaulemu kudzera kwa atsogoleri athu, ndipo mayankho ake aikidwe pabolodi. Chida choyezera klorini n'chaching'ono, chokwana m'thumba. Umathira madzi m'kabotolo, umaponyamo piritsi la DPD, madzi amasanduka apinki ngati klorini alimo, ndipo umafananitsa mtunduwo ndi manambala a pambali. Ophunzira a sayansi angathe kuyeza mipopi ingapo mlungu uliwonse n'kumalemba m'kope. Pakutha kwa teremu tidzakhala ndi chinthu chogwirika chokaonetsa, osati madandaulo chabe.

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tili ndi chifukwa china. Posachedwa tidzaima kutsogolo kwa ana m'matauni onga omwewa. Mwana wotsegula m'mimba sabwera kusukulu, ndipo wopita kukasaka madzi m'mamawa amafika phunziro loyamba litatha, makamaka mtsikana. Tidzaphunzitsa mutu wa madzi ndi matenda chifukwa uli m'silabasi. Tingathe kuulembetsa pabolodi kuti ana aloweze, kapena tingathe kutuluka nawo kukaima pampopi wa sukulu ndi kabotolo ndi piritsi, aone okha ngati madzi asintha mtundu. Mwana amene waona zimenezi akafika kunyumba adzafunsa amayi ake ngati mtsuko wavindikiridwa, ndipo akadzakula adzafunsa ofesi ya madzi popanda mantha.

Mipingo yathu nayo ili ndi zida zimene boma limazisirira: anthu osonkhana mlungu uliwonse, atsogoleri a zaumoyo, amayi a Dorika oyenda khomo ndi khomo, achinyamata a Pathfinder odziwa njira iliyonse ya m'tauni. Gulu limodzi la achinyamata litayenda Lamlungu m'mawa kulemba malo onse amene paipi ikudontha kapena ikudutsa m'ngalande, n'kukapereka mndandandawo kuofesi ya madzi, lingachite ntchito imene wogwira ntchito mmodzi wa panjinga sangaimalize pamwezi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo phindu lake silisankha chipembedzo, pakuti paipi yodutsa pakhomo la mkulu wa mpingo ndi yomweyo imafika kwa sheikh ndi kwa amene sapemphera konse.

Mwana wa nyumba yoyandikana nafe uja adachira, ndipo pamene tinkanyamuka kubwerera kuno n'kuti akusewera panja. Mpopi wa pakhomo pawo udzaumanso, ndipo tsiku lina udzatsokomolanso. Tikadzamva mfuu ija ya "Abwera!", tithamange ndithu ndi ndowa zathu. Koma yachitatu ija, yoyera mbee, tiithire mankhwala tisanapatse mwana, ndipo Lolemba m'mawa mmodzi wa ife apite kuofesi ya madzi kukapempha kuona zotsatira za mwezi uno.